Galimoto ya Vennila ndi Ndimu Lamakani

Vennila anali ndi galimoto. Sanagule ayi. Anapanga yekha kusukulu.

Thupi lake linali la katoni. Mawilo ake anali zitsekero za mabotolo. Mkati munali mota yaing'ono ngati chala. Munalinso batire.

Ukakanikiza swichi, basi yapita. Vwiii! Inkathamanga kuposa khoswe. Nkhuku zinkaithawa. Mphaka ankakwera padenga.

Koma Vennila ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kuti galimoto yake iphwanye ndimu.

Inde, ndimu. Musaseke. Tamverani kaye.

Tsiku la Zida linali pafupi. Kuno ku tauni ya Namakkal tsiku limeneli si lamasewera. Aliyense amatsuka chida chake. Osoka amatsuka makina. Ometa amatsuka malumo. Oyendetsa malole amatsuka malole. Amazipaka timadontho tachikasu ndi tofiira. Amaziveka nkhata za maluwa. Amazithokoza, ndipo zida zimapuma.

Kenako pamabwera ndimu. Amaliika kutsogolo kwa wilo. Galimoto imasuntha pang'ono. Phwa! Ndimu laphwanyika. Tsoka lathawa. Chaka chonse uyenda bwino.

"Yanganso ndi galimoto," anatero Vennila. "Nayonso ivale maluwa. Nayonso iphwanye ndimu."

Tsiku lina kunabwera Amalume Durai. Iwo anali mlongo wawo wa Amma, mayi ake a Vennila. Ankayendetsa lole yonyamula mazira. Anali ndi ndevu zambiri. Anali ndi mimba yaikulu. Mimba inkayamba kulowa m'nyumba, eni ake n'kubwera pambuyo.

"Amalume, taonani galimoto yanga!" anatero Vennila.

Vwiii! Galimoto inadutsa pakati pa miyendo yawo. Amalume analumpha.

"Mayo! Kodi ndi mphemvu?"

"Si mphemvu! Ndi galimoto!"

"Oo, pepani a Injiniya. Maso akukalamba."

"Pa Tsiku la Zida idzaima pafupi ndi lole yanu."

Amalume anaseka. Mimba inaseka. Ndevu nazo zinaseka.

"Pafupi ndi lole yanga? Ayi, mwanawe. Mzere wa zida ndi wa zida. Kachidole kako ukaike pa masitepe amene timayalapo zidole pa chikondwerero."

"Si chidole!"

"Kamaphwanya ndimu?"

Vennila anatola galimoto yake.

"Galimoto yeniyeni imaphwanya ndimu," anatero Amalume. "Yako ikaphwanya, ndidzaiveka maluwa ndekha. Ikalephera, ku zidole."

Vennila anatupa. Anatupa ngati finye. Chidole? Galimoto yake? Munthu wamkulu, wa ndevu zake, kuyankhula choncho! Kodi iwo lole yawo anapanga okha?

Vennila ananyang'ama kupita kukhitchini. Anatenga ndimu limodzi. Analiika pakati pa khonde.

"Lero uona," anauza ndimu.

Ndimu silinayankhe. Mandimu ndi amwano.

Vennila anakanikiza swichi. Vwiii! Galimoto inathamanga. Gu! Inagunda ndimu. Ndimu linangogwedezeka. Galimoto inagwa chagada. Mawilo anapalasa m'mwamba.

Apa ndiye inafananadi ndi mphemvu. Koma musakamuuze Vennila.

"Yapepuka," anatero Vennila. "Ikufuna katundu."

Anabwerera kukhitchini. Anatenga mwala wosinjira tsabola. Anauika pamwamba pa galimoto. Katoni inati fwaa. Vennila anakanikiza swichi. Mota inalira ngati udzudzu. Galimoto sinasunthe. Mota inatentha. Inayamba kununkha.

"Vennila!" anaitana Amma. "Mwala wanga uli kuti?"

"Uli pantchito, Amma."

"Nanga ndimu langa?"

"Nalonso lili pantchito."

"Uwauze aweruke. Ndikufuna kuphika."

Vennila anabweza mwala. Anabweza ndimu. Aliyense m'nyumba muno anali mdani wake. Ngakhale ndimu.

M'mawa Vennila anathamangira kusukulu. Analowa m'chipinda chopangira zinthu. Muli mawaya m'menemo. Muli mababu, misomali ndi matabwa. Mulinso mashelefu ofika kudenga.

Pa shelefu yapansi pamakhala zinthu za oyamba kumene. Ukadziwa zapansi, umakwera. Ukadziwa zapakati, umakweranso. Pa shelefu yapamwamba panali mota yakuda, yaikulu ngati papaya. Inachokera ku lole yakale. Kale inkayendetsa chopukutira galasi. Ana onse ankaiyang'ana n'kumeza malovu.

Mwini chipindacho anali Aphunzitsi Jesintha. Anali aafupi. Ankabaya pensulo m'tsitsi.

"Aphunzitsi, ndipatseni mota yaikulu ija," anatero Vennila.

"Wadzuka bwanji, Vennila?"

"Ndadzuka bwino, kaya inu. Ndipatseni mota yaikulu ija."

"Ya chiyani?"

Vennila anafotokoza. Anafotokoza za Amalume. Anafotokoza za zidole. Anafotokoza za ndimu.

Aphunzitsi sanaseke. Anagwedeza mutu.

"Ndimu si mnzako wosewera naye," anatero. "Koma mota ija ili pamwamba. Iwe uli pakati. Sunaphunzire magudumu a mano."

"Ndidzaphunzira pambuyo pake."

"Kuno sitidumpha shelefu. Phwasula galimoto yako. Tikufuna mota yakeyo."

"Ndiphwasule?"

"Phwasula."

Pepani, ana inu. Lamulo la m'chipinda muno ndi limeneli. Mamota ndi ochepa. Mabatire ndi ochepa. Chatsopano chimadya chakale.

Vennila ankalidziwa bwino lamuloli. Poyamba anayatsa babu. Linawala ngwee. Anasangalala. Aphunzitsi anati, "Phwasula." Batire la babu linapita ku fani. Fani inazungulira. Inamupemerera kamphepo. Anasangalala. Aphunzitsi anati, "Phwasula." Mota ya fani inapita ku galimoto.

Tsopano galimoto nayonso?

"Sindiphwasula," anatero Vennila.

"Chabwino," anatero Aphunzitsi.

"Sindiphwasula!"

"Ndamva."

Vennila anakakhala pakona. Anakumbatira galimoto yake. Anatupanso. Zoona anthu akuluakulu alibe chisoni. Wina akuti chidole. Wina akuti phwasula.

Farida anabwera. Farida anali mnzake wapamtima. Ntchito zonse za m'chipinda muno ankagwira limodzi.

"Ukhala pamenepo mpaka liti?" anafunsa Farida.

"Mpaka ndikalambe."

"Ndikubweretsere ndodo?"

"Choka."

Vennila anafika kunyumba. Amma anali atakonza masitepe a zidole, monga amachitira chaka chilichonse chikondwerero chikayandikira. Zidole zinali zitandanda. Amalume anaima pambali, akutafuna mtedza.

"A Injiniya, ndakusungirani malo," anatero. "Apa. Pakati pa nyani wadothi ndi njovu yoduka khutu."

"Iwe Durai, musiye mwana," anatero Amma.

"Ndalakwa chiyani, achemwali? Ndi malo abwino. Nyani adzapeza chokwera."

Vennila anayang'ana nyani. Nyani ankaseka. Anayang'ana Amalume. Amalume ankaseka chimodzimodzi.

M'mawa mwake Vennila analowa m'chipinda chija. Anapereka moni. Anaika galimoto patebulo. Anaiphwasula.

Anachotsa wilo. "Ili ndi la mphemvu."

Anachotsa wilo lina. "Ili ndi la chidole."

Anachotsa mota. "Iyi ndi ya nyani wadothi."

Anapukuta mphuno ndi mkono. Ayi, sankalira. Linali fumbi chabe.

Aphunzitsi anabweretsa botolo la madzi. Anabweretsa ulusi. Anamanga ulusi pakhosi pa botolo.

"Mota yanu ikweze botolo ili," anatero.

Vennila ndi Farida anakulunga ulusi ku mota. Anakanikiza swichi. Mota inalira ngati udzudzu. Botolo linangokhala.

"Mwaona?" anatero Vennila. "Mota iyi ndi yaulesi. Ndipatseni yaikulu."

Aphunzitsi anatsegula bokosi. Munali magudumu a mano. Lina laling'ono. Lina lalikulu.

"Laling'ono likhale pa mota," anatero. "Lalikulu likhale pa ulusi. Mano alumane."

Vennila anaika. Mano sanalumane. Anasendeza. Mano analumana kwambiri. Farida anasendezanso pang'ono. Eya, tsopano zinakhala bwino.

Anakanikiza swichi. Gudumu laling'ono linazungulira msanga. Gudumu lalikulu linazungulira mwaulemu, ngati apongozi. Ulusi unakungika. Botolo linagwedezeka. Botolo linanyamuka!

"Likukwera!" anafuula Farida.

"Likuchedwa," anatero Vennila.

"Koma likukwera," anatero Aphunzitsi.

Tsiku lina anawonjezera magudumu ena. Anachotsa botolo. Anamanga njerwa. Njerwa inakwera. Inakwera ngati nkhono yodwala msana. Koma inakwera. Mota inali yomweyo, yaing'ono ngati chala.

Vennila anagwira m'chiuno.

"Ndiye kuti chiyani? Ndikafuna mphamvu, liwiro lithawe?"

"Lole ya amalume ako ikamakwera phiri imathamanga?" anafunsa Aphunzitsi.

"Ayi. Imabuula ngati ng'ombe."

"Nanga imakwera?"

Vennila anaganiza. Anayang'ana njerwa. Anayang'ana magudumu.

"Si chilungamo," anatero. "Ine ndimafuna zonse ziwiri."

"Aliyense amafuna zonse ziwiri," anatero Aphunzitsi. "Sankha. Ukufuna kupitirira nkhuku, kapena ukufuna ndimu?"

"Ndimu."

Aphunzitsi anakwera pampando. Anatambasula dzanja. Anatsitsa mota yakuda ija. Anapemerera fumbi. Anaiika m'manja mwa Vennila. Inali yolemera. Ana onse anati kukamwa yasa.

"Koma chokweza njerwa chija," anatero Aphunzitsi.

"Ndikudziwa," anatero Vennila. "Phwasula."

Ntchito inayamba. Anapeza thabwa la chitseko chakale. Anapeza mawilo anayi a ngolo yokankha. Anapeza tcheni cha njinga ndi magudumu ake. Aphunzitsi anabwereka batire la njinga yamoto.

Vennila ankamanga mabawuti. Farida ankagwira thabwa. Aphunzitsi ankaboola mabowo.

Tcheni chinagwa. Anachibwezera. Chinagwanso. Anachikunga. Chinakhala.

Anakanikiza swichi. Galimoto inayenda chobwerera m'mbuyo. Inagunda ndowa. Madzi anati khuthu pa mapazi a Aphunzitsi.

"Ndani walumikiza mawaya?" anafunsa Aphunzitsi.

"Farida," anatero Vennila.

"Vennila," anatero Farida.

"Nonse awiri, sinthani."

Anasintha mawaya. Galimoto inayenda chakutsogolo. Grrr, grrr, grrr. Sinkathamanga ayi. Nyerere inaipitirira. Nyerereyo inali itasenza katundu.

Manja a Vennila anada bii. Yunifolomu inada bii. Amma anadandaula. Vennila sanamve.

Galimoto inatha tsiku lotsekera sukulu.

"Mwaiyesa ndi ndimu?" anafunsa Aphunzitsi.

"Palibe choyesa," anatero Vennila. "Ndi yamphamvu."

"Chosayesa chimakuyesa pagulu."

"Iyi ayi."

Aphunzitsi anakanda m'mutu ndi pensulo. "Chabwino. Itengeni. Mudzabweze tikatsegulira."

Tsiku la Zida linafika. Msewu wonse unanunkhira maluwa ndi lubani. Lole ya Amalume inanyezimira. Inavala nkhata zikuluzikulu. Mbali zake anamangako timitengo ta nthochi. Makina osokera a Amma anali pakhonde, ndi maluwa ake. Mpeni, chikwakwa, mwala wosinjira, zonse zinali pamzere. Zonse zinali ndi timadontho. Zonse zinkapuma.

Pakona panali thumba la pori, mpunga wokazinga wofufuma ngati mbuliwuli. Pa Tsiku la Zida aliyense amadya pori.

Amalume anavala nsalu yoyera mbee. Anapesa ndevu.

Vennila ndi Farida anatulukira. Ankakoka galimoto yawo.

"Iii!" anatero Amalume. "Mphemvu yakula! Chitseko ichi mwazula kwa yani?"

"Ndi galimoto," anatero Vennila.

"Tiona, a Injiniya. Taonerani kaye akuluakulu."

Amma anayatsa nyale. Anapemphera. Anaika mandimu kutsogolo kwa mawilo a lole. Amalume anakwera. Analiza hutala. Lole inasuntha. Phwa! Phwa! Anansi anaomba m'manja.

Amalume anatsika ngati mfumu. Anatenga ndimu limodzi. Anasankha lobiriwira, lolimba ngati mwala. Mwaona nkhanza zake? Analiika pansi.

"Nali lanu."

Vennila anakanikiza swichi. Swichiyo inali pakati pa thabwa. Grrr, grrr, grrr. Galimoto inanyamuka.

Amalume anayasamula. "Ikafika mundidzutse."

Grrr, grrr. Wilo linafika pa ndimu. Silinabwerere. Silinagwe chagada. Linakwera. Linakwera pamwamba pa ndimu. Linatsikira tsidya lina.

Onse anawerama kuti aone.

Ndimu linali lathunthu.

Anthu anaseka. Amalume anaseka mpaka kutsokomola.

"Yalisisita!" anatero. "Yalisisita msana! Ndimu likuti zikomo!"

Makutu a Vennila anatentha. Anazimitsa swichi. Anafuna kulira. Anafuna kuluma ndimu. Anafuna kuluma Amalume. Koma anagwada pansi. Anayang'ana wilo. Anayang'ana tcheni.

"Mphamvu ilipo," ananong'oneza. "Yakwera bwinobwino. Koma yapepuka. Farida, tikufuna katundu."

Farida anathamanga. Anakoka thumba la pori. Linali lalikulu kuposa iye mwini. Analiika pathabwa. Anabweza galimoto m'mbuyo. Anayesanso.

Grrr, grrr. Wilo linakwera. Wilo linatsika. Ndimu lathunthu.

"Farida!" anatero Vennila. "Pori ndi mphepo yokhayokha!"

"Koma thumba ndi lalikulu."

"Kukula si kulemera!"

Anazimitsa swichi n'kutsitsa thumba. Vennila anathamangira pakhonde. Anagwira mwala wosinjira.

"Siya!" anatero Amma. "Ukupuma lero."

Anagwira makina osokera.

"Akupuma."

Anagwira jeke ya lole.

"Ikupuma!" anatero Amalume. "Zida zonse zikupuma, a Injiniya. Nyani wadothi akudikira."

Vennila anaima pakati pa bwalo. Chilichonse cholemera chinali chida. Chida chilichonse chinkapuma. Zoona tsiku lonseli linamupangira chiwembu.

Anayang'ana kumanzere. Anayang'ana kumanja. Anafuna chinthu cholemera. Anafuna chinthu chosakhala chida.

Maso ake anaima pa mimba ya Amalume.

Vennila anasiya kutupa. Anamwetulira. Kumwetulira kotere, ana inu, muzikuopa.

"Amalume," anatero mwaulemu, "lole yanu imanyamula mazira, eti?"

"Mazira ambirimbiri."

"Yanga imanyamula anthu."

"Anthu ake ati? Nyerere?"

"Ngakhale inuyo."

"Ine? Pa chitseko ichi? Chingathyoke."

"Oo. Mukuopa."

"Ndani akuopa?"

"Farida, Amalume akuopa."

"Akuopadi," anatero Farida. "Taona ndevu zikunjenjemera."

"Ine ndadutsa mapiri!" anatero Amalume. "Ndadutsa mitsinje yodzaza! Ndingaope thabwa?"

"Musiyeni Durai," anatero Amma. "Ali mwana ankathawa anapiye."

Anansi anaseka. Tsopano amene anatupa ndi Amalume.

"Bwezani chinthucho m'mbuyo," anatero. "Chikathyoka musalire."

Vennila ndi Farida anabweza galimoto. Amalume anakwinya nsalu yawo. Anatembenuka. Anatsitsa thupi. Anakhala pathabwa, khu! Anapinda miyendo.

Thabwa linalira. Mawilo analira. Pansi pa Amalume china chake chinati kete.

Inali swichi. Anaikhalira.

Grrr. Tcheni chinakungika. Grrrr. Mota inabuula ngati ng'ombe. Farida anatseka maso. Vennila anayang'anitsitsa wilo.

Wilo linasuntha.

"Ee?" anatero Amalume.

Wilo linasunthanso. Galimoto inanyamuka. Inanyamula ndevu. Inanyamula mimba. Inanyamula Amalume onse athunthu.

"Ikuyenda!" anafuula Farida.

Grrr, grrr, grrr. Wilo linafika pa ndimu. Linaima pang'ono. Linakankha. Ndimu linakana. Wilo linakankhanso. Ndimu linaphwatalala.

PHWA!

Madzi a ndimu anathovoka. Anafika pa nsalu yoyera. Anafika pa ndevu. Njere imodzi inauluka n'kukagwera m'thumba la malaya.

"Laphwanyika!" anafuula Vennila. "Laphwanyika! Amma, laphwanyika!"

Analumpha. Farida analumpha. Anansi anaomba m'manja. Amma analuluta.

Koma galimoto sinaime. Grrr, grrr, grrr. Inalunjika kuchipata. Pachipata panaima ng'ombe ya eni ake, ikubzikula.

"Chabwino, zakwana," anatero Amalume. "Imitsa."

"Swichi mwaikhalira, Amalume."

Amalume anayesa kudzuka. Miyendo inali yopinda. Mimba inakana. Anagwa pomwepo, khu!

"Ponda mabuleki!"

"Mabuleki mulibe."

"Mulibe? Galimoto yanji yopanda mabuleki?"

"Sitinaphunzire. Ali pa shelefu ina. Kwathu sitidumpha shelefu."

Grrr, grrr. Ng'ombe inatukula mutu. Inali ndi nyanga zazitali, zopaka utoto.

"Achemwali, thandizeni!" anatero Amalume.

Amma ankayenda pambali pawo, osafulumira. "Gwiritsa, Durai. Liwiro limeneli lingakuchotse ndevu."

Vennila ankayenda mbali inayo. Anagwira waya wa batire ndi zala ziwiri.

"Ndikazula waya uyu, iima," anatero.

"Zula!"

"Ndifunse kaye. Mwakwera chiyani, Amalume? Chidole?"

"Vennila, mwana wabwino, ng'ombe iyo."

"Kapena mphemvu?"

"Ndi galimoto," anang'ung'udza Amalume.

"Farida, wamva?"

"Sindinamve," anatero Farida. "Mota ikusokosera."

Ng'ombe inalira moo. Inapendeketsa nyanga.

"Ndi galimoto!" anakuwa Amalume. "Galimoto yeniyeni! Msewu wonse umve!"

Vennila anazula waya. Galimoto inaima. Mphuno ya Amalume inatsala pang'ono kukhudza mphuno ya ng'ombe.

Ng'ombe inanunkhiza ndevu. Inamva ndimu. Inatulutsa lilime. Inanyambita Amalume kuyambira kuchibwano mpaka pamphumi. Kenako inayetsemula n'kumapita.

Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti. Anansi anagwira Amalume mikono. Anawadzutsa.

Amalume anapukuta nkhope. Anayang'ana ndimu lophwanyika. Anagwada. Anasuzumira pansi pa thabwa. Anagwira tcheni. Anazungulitsa gudumu ndi chala.

"Izi wamanga ndiwe?"

"Ine ndi Farida."

"Laling'ono likukoka lalikulu?"

"Eya. Liwiro lithawe, mphamvu ibwere."

"Hmm," anatero Amalume. "Giya yoyamba."

Anaimirira. Anapita ku lole yawo. Anavula nkhata yaikulu ya kutsogolo. Anabwera nayo. Anaiveka galimoto ya Vennila. Nkhata inali yaitali. Anaizungulitsa kawiri.

Anaviika chala m'mbale. Anadontheza kachikasu pa mota. Anadontheza kofiira pa batire. Kenako anakoka galimoto ndi manja awo. Anaiimika pamzere wa zida, pafupi ndi lole.

Vennila anaiyang'ana. Lole yaikulu. Galimoto yaing'ono. Zonse za maluwa.

Amma anamasula thumba la pori. Anasakaniza ndi mtedza ndi shuga wa nzimbe. Anagawira anansi. Anapatsa Farida wodzaza manja awiri. Onse anakhala pakhonde. Khwasu, khwasu, khwasu.

Vennila anatsamira mimba ya Amalume. Inali yofewa ngati pilo. Inkanunkhirabe ndimu.

"A Injiniya," anatero Amalume chapansipansi.

"Wawa, Amalume."

"Mabuleki mudzaphunzira liti?"

"Tikatsegulira sukulu."

Amalume anatapa pori. Anathira m'dzanja la Vennila.

"Tsiku limenelo usadzajombe," anatero. "Ndidzakuperekeza ndekha pa lole."